Mlandu Upite Kuti? Mbiri ya Makhoti a ku Malawi

Ophunzira zamalamulo ku Zomba ali ndi tsiku limodzi limene saliiwala ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku: 11 Ogasiti 1902. Pa tsikuli boma la Britain linatulutsa lamulo lokhazikitsa bwalo lalikulu la milandu m'dziko lino, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa British Central Africa, ndipo linagamula kuti malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa tsikulo agwirenso ntchito kuno. N'chifukwa chake mpaka lero loya amatha kuimirira ku Chichiri n'kutchula chigamulo cha jaji wa ku London amene anamwalira agogo athu asanabadwe, jaji wakwathu n'kumamvetsera, n'kumalemba. Khoti monga tikulidziwira linabwera ndi atsamunda, ndipo chibwerereni anthu a kuno akhala akulimbana ndi mafunso awiri: munthu akalakwiridwa apite kwa yani, nanga womuweruzayo amaopa yani?

Milandu inalipo azungu asanafike, oweruza analiponso. Anthu akayambana, nkhani inkayambira m'nyumba, kwa mwini mbumba. Za banja zinali za ankhoswe, ndipo mkazi kapena mwamuna wothamangira kwa mfumu asanaonane ndi ankhoswe ankamubweza. Zikakanika kumeneko mpamene zinkapita kwa nyakwawa, pabwalo, pansi pa kachere kapena mkuyu.

Amene anakhalapo pa bwalo la kumudzi akudziwa kuti mfumu siyankhula kwambiri. Zoyankhula ndi nduna. Wodandaula amaimirira, kapena kumuimirira malume ake, n'kuyamba nkhani kutali, mwina pa malire a munda amene anadulidwa chaka cha njala iye asanabadwe, ndipo palibe womudula pakamwa. Akatha, mnzakeyo amayamba yake. Mboni zimafunsidwa ndi aliyense wamkulu amene ali pamenepo, ngakhale wongodutsa amene wakhala pansi kuti amve. Nduna zimabwereza zimene zamva, kuzitembenuza, kuzithira miyambi, mpaka bwalo lonse lione kumene nkhani ikupendekera. Mfumu imayankhula pomaliza, ndipo kawirikawiri imangomanga mfundo imene anthu aiona kale. Wolakwa ankalipa nkhuku, mbuzi kapena makasu. Pa mlandu wa magazi banja linkatha kupereka munthu wamoyo kuti akalowe m'malo mwa wophedwayo. Ndende kunalibe. Oyambanawo mawa ankatunga pa chitsime chimodzi ndi kukumbirana manda, choncho bwalo linkafuna kuti achoke pamenepo akulonjerana.

Tisalikometsere mopitirira bwaloli. Kapolo ndi mlendo analibe mawu ofanana ndi a mwana wa pamudzi. Mfumu yokondera inalipo kalelo monga ilipo lero. Ndipo mlandu ukasowa mboni, makamaka wa ufiti, unkathera pa mwabvi: wosanza wapulumuka, wakufa ndiye anali mfiti. Anthu osalakwa ambiri anapita ndi khungwa limeneli.

Harry Johnston atayamba kulamulira mu 1891, akuluakulu amene anawaika m'maboma anali otolera msonkho, ndipo omwewo ndiwo anali oweruza. Munthu mmodzi ankalemba msonkho wa nyumba, kutuma asilikali kukagwira wosakhoma, kumuzenga mlandu, kenako kulamula chikoti. Lamulo la 1902 linalola kuti pa milandu ya anthu akuda okhaokha khoti lizitsata miyambo yawo, koma pokhapokha mwambowo usakhale wosemphana ndi chilungamo ndi makhalidwe abwino. Wonena chimene chili chilungamo anali mzungu yemweyo. Mu 1911 boma linaletsa mwabvi, linaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo limenelo likadali m'mabuku athu. Pamenepo mpamene anthu ambiri anayamba kuona kuti khoti la boma ndi bwalo la kwawo sizikumvana: wopita kukadandaula kuti walodzedwa ndiye ankamangidwa.

Pali mlandu umodzi wa nthawi imeneyo umene suyenera kuiwalika. Mu 1903 mkulu wa boma woyang'anira za anthu akuda anasumira kampani ya Blantyre and East Africa, imene inkafuna kuti anthu okhala pa minda yake azigwira ntchito nthawi ya dzinja ngati lendi. Jaji Nunan anagamula kuti anthu amene azungu anawapeza ali kale pa malowo sayenera kusokonezedwa kapena kulipiritsidwa. Chinali chigamulo cholimba mtima, koma eni minda anali ndi mphamvu kuposa pepala la jaji, ndipo thangata anapitirira mpaka 1962. Mkwiyo wa thangata yemweyo ndi umene unathandiza kuyatsa moto wa John Chilembwe mu 1915, ndipo otsatira ake ambiri anazengedwa milandu mothamanga n'kuphedwa.

Mu 1933, pa nthawi ya bwanamkubwa Hubert Young, atsamunda anavomereza mabwalo a mafumu mwalamulo. Mfumu yaikulu inapatsidwa kalaliki, buku lolembamo milandu, amesinjala, ndi mphamvu yolipitsa chindapusa, koma bwana DC ankatha kufafaniza chigamulo chilichonse. Mfumu yomweyo inkakakamiza anthu kulima mizera ndi kukhoma msonkho, n'kuweruzanso okana. M'zaka za chitaganya, pamene anthu ankadana ndi malamulo a malimidwe, mabwalowa anataya ulemu wambiri. Kumtunda nako apilo inkachoka m'dziko: poyamba inkapita ku khoti la maiko a kum'mawa kwa Africa, kenako ku Salisbury, ndipo mapeto ake anali ku London.

Amene anakonza zimenezi anali Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya wophunzira ku England, yemwenso anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 Kamuzu ali m'ndende ku Gweru. Mu 1962, akuyang'anira zachilungamo m'boma latsopano, anabweretsa lamulo lolekanitsa ntchito yolamulira ndi ntchito yoweruza. Makhoti ang'onoang'ono a m'madera anapatsidwa apampando awoawo, osati mfumu chifukwa choti ndi mfumu, ndipo apilo yawo inkatha kukwera mpaka ku bwalo lalikulu. Dziko litalandira ufulu mu 1964 linakhala ndi bwalo lakelake la apilo ku Blantyre, ndipo pasanapite nthawi njira ya ku London inatsekedwa. Zinkaoneka ngati makwerero a milandu akhala amodzi, kuyambira kumudzi mpaka pamwamba. Koma chaka chomwecho nduna zinayambana ndi Kamuzu, ndipo Chirwa, nduna ya zachilungamo, anathawira ku Tanzania.

Chimene chinagwetsa makwererowo ndi kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe. Kuyambira mu 1968 mpaka 1970, anthu oposa 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera a Blantyre, ena atadulidwa ziwalo. Apolisi ankalephera kupeza wochita. Mphekesera inafala kuti ndi boma lomwe likukhetsa magazi a anthu kuti liwatumize ku South Africa pobweza ngongole. Mu 1969 anthu asanu anaimbidwa mlandu wa imfa imodzi mwa zimenezi, koma bwalo lalikulu linawamasula chifukwa umboni unali woperewera. Kamuzu anapsa mtima. Iye ndi nduna zake anadandaula poyera kuti malamulo a Chingerezi amapulumutsa zigawenga pa tizifukwa ta m'mabuku, pamene aliyense m'mudzi akudziwa wolakwa. Chaka chisanathe Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la Chirwa lija. Makhoti a m'madera anasandulika makhoti a Traditional, ndipo pamwamba pawo panaikidwa makhoti atatu a m'zigawo, kumpoto, pakati ndi kumwera, opatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha ndi kugamula kuti munthu anyongedwe. Apilo yawo sinkapitanso ku bwalo lalikulu; inali ndi khoti lakelake la dziko lonse. Majaji achizungu anayi, kuphatikizapo mkulu wawo, anatula pansi udindo.

Wolowa m'malo mwa mkulu wa majajiyo mu 1970 anali James Skinner, wa ku Ireland, amene chaka chapitacho anali atasiya udindo womwewo ku Zambia atasemphana ndi Kenneth Kaunda, achinyamata a chipani atathyola bwalo lalikulu ku Lusaka. Munthu wothawa kusokonezedwa kwa makhoti ku Lusaka anadzakhala zaka 15 ku Blantyre, mumzinda womwewo mukuzengedwa milandu yonyonga imene iye analibe nayo mawu. Mmalawi woyamba pa mpandowo, Friday Makuta, anabwera mu 1985.

Makhoti a m'zigawo aja ankati ndi a makolo, koma makolo athu akanawaona sakanawazindikira. Pa mpando pankakhala mafumu atatu, wapampando, ndi munthu mmodzi wodziwa malamulo, onse osankhidwa ndi boma ndipo ochotsedwa ndi boma. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, pamene wozenga anali wapolisi wozolowera ntchitoyo. Kuitana mboni sunali ufulu wake, kunali kufuna kwa khoti. Boma ndilo linkasankha kuti mlandu uwu upite kwa jaji, uwu upite kwa mafumu, ndipo mu 1976 milandu youkira boma inawonjezedwa pa mndandanda wawo. Pa bwalo la kumudzi munthu ankabwera ndi malume ake omuyankhulira, anthu omudziwa ankaponyapo mawu, ndipo mfumu yoweruza mokhota inkaopa kuti anthu ake aisamukira. Apa munthu ankaima yekha, ndipo oweruza ankaopa munthu mmodzi yekha wokhala ku Sanjika. Chimene chinatengedwa kumudzi ndi dzina ndi miyambi basi.

Miyambiyo inagwiradi ntchito. Mu 1977 Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa apolisi ofufuza za ndale, anazengedwa mlandu wofuna kulanda boma. Khoti linalandira ngati umboni makalata opanda dzina la wolemba, ponena kuti utsi sufuka popanda moto. Awiriwa anali atatumiza anthu ambirimbiri ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu, choncho owalira anali ochepa. Ena m'ndendemo anaona ngati Mulungu wayankha. Koma njira imene inanyonga Muwalo ku Zomba chaka chomwecho inali yotseguka kwa aliyense. Gwanda Chakuamba, nduna yamphamvu yoyang'anira a Payoniya, anadutsa momwemo n'kupatsidwa zaka 22.

Ndiye kunabwera mlandu wa Chirwa mwini. Pa 24 Disembala 1981 iye ndi mkazi wake Vera, mayi woyamba kukhala loya m'dziko lino, anagwidwa ali pa ulendo kum'mawa kwa Zambia, m'malire ndi Mchinji. Iwo ankati anabedwa ali mbali ya Zambia. Boma linkati analowa okha. Anawazenga ku Soche, pa khoti la chigawo cha kumwera. Maloya awiri, mmodzi mwa iwo mlembi wa lamulo loyamba la makhoti a m'madera, anadziyankhulira okha pamaso pa mafumu, ndipo mboni zimene ankafuna kuitana kuchokera kunja zinakanidwa. Mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti anyongedwe. Khoti la apilo la Traditional linavomereza chigamulocho mu 1984, ndipo maiko akunja atachonderera, Kamuzu anachisintha kukhala ndende moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Vera anatuluka mu Januwale 1993.

Ndipo awa ndi amene anafika kukhoti. Ena, monga wolemba ndakatulo Jack Mapanje amene anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, sanauzidwe n'komwe mlandu wawo, poti malamulo a chitetezo ankalola kusunga munthu popanda kumuzenga. Nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza mwezi womwewo umene a Chirwa anagamulidwa, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto.

Pali chinthu chimodzi chimene timaiwala tikamanena za zaka zimenezo. Pansi pa makhoti oopsa a m'zigawo panali makhoti a Traditional ang'onoang'ono ambirimbiri, pafupifupi dera lililonse, ozenga za ukwati, ngongole, mimba, ng'ombe zodya mmera. Ankayankhula chinenero cha anthu a m'deralo, anali pafupi, ndipo sankadula. Mayi wosiyidwa ndi ana ankapitako wapansi n'kubwerako tsiku lomwelo ali ndi chigamulo chimene mesinjala ankatha kuchitsatira. Sikuti onse anali olungama, koma anthu ankawagwiritsa ntchito.

Mphepo itasintha ndi kalata ya mabishopu ya mu Malichi 1992, boma silinayerekezenso kutengera Chakufwa Chihana, womenyera ndale za zipani zambiri, kwa mafumu. Anazengedwa pa bwalo lalikulu, ali ndi maloya, khamu likuimba panja. Anapatsidwa zaka ziwiri, bwalo la apilo linazitsitsa kufika miyezi isanu ndi inayi, ndipo anatuluka kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Mu Okutobala chaka chomwecho makhoti a m'zigawo ndi khoti lawo la apilo anaimitsidwa.

Olemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 analemba ali ndi zipsera. Gawo 103 likuti makhoti akhale oima paokha, ndipo likuletsa kukhazikitsa khoti lina lililonse lofanana mphamvu kapena loposa bwalo lalikulu ndi bwalo la apilo. Gawo 5 likuti lamulo lililonse losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko n'lopanda ntchito, ndipo bwalo lalikulu ndilo linapatsidwa mphamvu younika zimenezo. Mkulu wa majaji amasankhidwa ndi pulezidenti koma ayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo povota. Majaji ena amadzera ku komiti yoona za ntchito ya oweruza. Womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Ndime iliyonse mwa izi ili ndi dzina la munthu kumbuyo kwake, ngakhale dzinalo silinalembedwe.

Woyamba kudya zipatso zake mooneka anali Kamuzu yemwe. Mu 1995 iye, John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza. Anali ndi loya wamkulu wochokera ku Britain, umboni unayesedwa pa sikelo ya malamulo a Chingerezi omwe ankawanyoza aja, ndipo mu Disembala onse anamasulidwa. Abale a ophedwawo anamva kuwawa, ndipo n'zomveka. Komabe dziko limene linamupatsa loya munthu amene anamana anzake loya linali litasankha njira ina, ndipo ine ndimati linasankha bwino.

Kuti timvetse makwerero a lero, titsate mnyamata amene wagwidwa ndi mbuzi yoba. Apolisi amamutengera kwa majisitireti. M'boma lililonse muli makhoti amenewa, ndipo milandu yambiri ya dziko lino imayambira ndi kuthera pomwepo. Amajisitireti ali pawiri: ena ndi maloya a digiri, ena anaphunzira zamalamulo pang'ono ndipo ali m'magiredi, aliyense ndi malire a zaka zimene angapereke. Chipinda chimakhala chodzaza, abale atakhala pa mabenchi, oimbidwa milandu atafika pa galimoto ya polisi omangidwa awiriawiri. Wozenga ndi wapolisi. Mlandu umawerengedwa m'Chingerezi, womasulira n'kuutembenuza, n'kufunsa kuti, "Ukuuvomera kapena ukuukana?" Mnyamatayo amafuna kufotokoza kuti mbuziyo anaitenga inde, koma mwini wake anam'mana malipiro a ganyu wa miyezi iwiri. Amamuuza kuti ayankhe funso lokha. Akati akuvomera, nkhani ya ganyu ija imadzamveka pomaliza ngati dandaulo lopempha chifundo, pamene pa bwalo la mfumu ikanakhala theka la mlandu wonse. Mboni ikatha kuyankhula amamufunsa ngati ali ndi mafunso, iye n'kuyamba kufotokoza mbali yake, n'kumuletsanso kuti ino ndi nthawi ya mafunso. Ambiri amangoti alibe. Loya alibe, pokhapokha bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, lomwe maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna thandizo, limupeze.

Akapanda kukhutira atha kuchita apilo ku bwalo lalikulu, lomwe limakhala ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo zilango zikuluzikulu za amajisitireti zimayenera kukaunikidwa ndi jaji ngakhale popanda apilo. Milandu yakupha ndi youkira boma imazengedwa kumeneko. Bwaloli linagawidwa nthambi: ya zamalonda inayamba mu 2007, kenako za milandu yaupandu, za mabanja ndi chuma cha masiye, za misonkho, ndipo pambuyo pake ya milandu yakuba ndalama ndi katangale. Pambali pali khoti la za ntchito, kumene ochotsedwa ntchito amapita, ndi makhoti a ana. Pamwamba pa zonse pali bwalo la apilo la Supreme, kumene majaji amakhala atatu kapena kuposerapo, ndipo mawu awo ndi otsiriza. Khoti la malamulo oyendetsera dziko limene timalitchula kawirikawiri lilibe nyumba yakeyake: ndi bwalo lalikulu lomwelo, likakhala ndi majaji osachepera atatu pa nkhani imene mkulu wa majaji waitsimikiza kuti ikukhudza malamulowo.

Andale sanachedwe kuona kuti makhotiwa akuluma. Mu 2001 aphungu anavota kuti majaji atatu, Dunstain Mwaungulu, Anaclet Chipeta ndi George Chimasula Phiri, achotsedwe, koma phokoso la m'dziko ndi la kunja linachititsa kuti nkhaniyo ife. Bingu wa Mutharika, atatopa ndi ziletso, anasainira mu 2011 lamulo lovutitsa kutenga chiletso chotsutsana ndi boma, ndipo linafafanizidwa iye atamwalira. Kunena zoona, ziletso nazo tinazizolowera moipa. Wandale aliyense wokhala ndi loya amadziwa kuthamangira kwa jaji madzulo, ndipo nkhani ya gawo 65, ya aphungu osintha chipani, inamangidwa ndi ziletso kwa zaka mpaka aphunguwo anamaliza nthawi yawo.

Zigamulo zimene zinakhudza anthu wamba sizitchuka chimodzimodzi. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linati si zoona kuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingogamulidwa kunyongedwa popanda kumva zifukwa zake, ndipo patapita zaka akaidi oposa 100 anamvedwanso, ambiri n'kutuluka. Mu 2015 Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anagwidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa malonda ake, n'kuimbidwa mlandu wa vakabu, pa lamulo la atsamunda limene apolisi ankasesera nalo aliyense wooneka wosauka. Iye sanangolipira chindapusa monga ankachitira ena. Mu Januwale 2017 majaji atatu anagamula kuti ndime imeneyo ikuphwanya ufulu wa anthu. Wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo limene linapirira maboma onse kuyambira pa bwanamkubwa.

Za pa 3 Febuluwale 2020 aliyense ali ndi pamene anamvera. Majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, anafika ku Lilongwe akuperekezedwa ndi asilikali, n'kuwerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kwa miyezi mlanduwo unkaulutsidwa pa wailesi ndi womasulira, moti m'minibasi ndi m'misika anthu ankatsutsana za mafomu ofufutidwa ndi Tipp-Ex ngati maloya. Khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, chimene Peter Mutharika analengezedwa kuti wapambana, linalamula china pasanathe masiku 150, linanenanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Mu Africa muno zoterezi zinali zitachitikapo ku Kenya kokha, mu 2017. Bwalo la apilo linavomereza pa 8 Meyi. Boma litayesa kutumiza mkulu wa majaji Andrew Nyirenda ku tchuthi chokakamiza, maloya anayenda mumsewu atavala mikanjo yawo ndipo khoti linaletsa. Mkulu wina wa banki anadzapezeka wolakwa pofuna kuwapatsa ziphuphu majaji asanu aja. Pa 23 Juni Lazarus Chakwera anapambana, ndipo lamulo la mavoti oposa theka lomwelo ndi limene Peter Mutharika anabwerera nalo mu 2025.

Ulemu umene majaji anapeza tsikulo sunaphimbe zina. Mu Epulo 2021 bwalo la apilo linamveka ngati lathetsa chilango chonyonga, koma mu Ogasiti majaji ena a pa mlandu womwewo anati zimenezo sizimene anagwirizana, dziko n'kutsala kukamwa kuli yasa. Zigamulo zina zimatenga zaka osatuluka, mafayilo amasowa, ndipo ogwira ntchito m'makhoti atanyanyala mu 2012 zitseko zinatsekedwa miyezi yoposa iwiri, anthu akudzazana m'zitokosi za polisi. Ndende za Maula ndi Chichiri zadzaza anthu a rimandi, ena oti akanapatsidwa belo akanakhala ndi wowauza kuti belo ndi ufulu wawo. Akuti mlandu suola, koma munthu wodikira mlandu wake pa rimandi amaola ndithu. Mu 2024 madandaulo a katangale pakati pa majaji ndi maloya anafika poti sangabisikenso, ndipo Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo atsopano a momwe oweruza aziyankhira akalakwa.

Dzenje lalikulu lili pansi. Pothetsa makhoti a Traditional tinathetsa onse, oipa a pamwamba ndi othandiza a pansi. Apampando ambiri a timakhoti ta m'madera anasandutsidwa amajisitireti a magiredi otsika, nyumba zina zinasiyidwa n'kugwa. Gawo 110 linasiya mpata woti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse makhoti a m'madera ozenga za miyambo ndi timilandu ting'onoting'ono, ndipo mu 2011 lamulo lotero linadutsadi. Koma linabwera pa nthawi imene anthu ankakayikira chilichonse chochokera kwa Bingu, otsutsa anakumbutsa za Muwalo ndi a Chirwa, ndalama zake sizinapezeke, ndipo makhotiwo sanatsegulidwe. Choncho anthu ambiri akumudzi amapitabe kwa nyakwawa, kwa gulupu, kwa mfumu yaikulu, kulipira chabwalo, n'kulandira chigamulo chimene wolakwa atha kuchinyozera popanda chomuchitikira. Mfumu yabwino imathetsa nkhani tsiku limodzi. Yoipa imagulitsa munda wa mayi wamasiye, ndipo mayiyo kuti akafike kwa majisitireti ayenera kupeza ya kabaza, kupita n'kubwerera, mlandu ukamangoimitsidwa.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linayesa kutseka mbali imodzi ya dzenjeli. Linakhazikitsa mabwalo ozenga mikangano ya malo, mfumu yaikulu ya dera ikhale wapampando, ikhale ndi anthu ena a m'deralo ndipo pakati pawo pakhale amayi, apilo izikwera ku boma kenako ku bwalo la dziko lonse la za malo, mpaka kukafika kwa jaji. Za ukwati wa kwa ankhoswe, ngongole za pamudzi ndi ziweto zodya mmera zikudikirabe lamulo la 2011.